Mwamuna wa a Nduna ndi Thunthu la Nthochi

1

Mukafika pa Chonde n'kufunsa kuti kwa a Vitorino n'kuti, anthu angokuyang'anani kukamwa yasa. Koma mungonena kuti kwa amuna awo a Nduna, ngakhale wakabaza amene akuwodzera adzambatuka n'kukakusiyani pageti. Dzina langa linatha kalekale. Ndine mwamuna wa Olemekezeka mayi Millie Murowa, amene mwakhala mukuwamva pa wailesi akulankhulira dziko lino kunja, amene anyuzipepala anawatcha Mayi Wolumikiza Mabanja. Dzina limenelo mulisunge, tilipezanso kutsogoloku.

Ine ndine mkamwini, mkamwini wakenso wopanda kwawo. Ndinalowera pa Muloza nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndevu zitangoyamba kumera, kumapazi kulibe nsapato. Mkazi ndinali naye, Rosaria, wa ukwati wa kutchalitchi kwathu ku Molumbo, ndi kamwana kathu koyamwa, Marcia. Tsiku limene anthu amfuti anatentha mudzi wathu ine ndinali kudimba. Pobwerera ndinapeza phulusa lokhalokha. Ku msasa wa othawa nkhondo mnzanga wina anandiuza kuti anaona amayi a m'mudzi mwathu akuwakusira kutchire, ndipo mwa amayi amenewo panalibe anabwerako.

Nkhondo itatha ndinakafunsa ku Milange, ndinakafunsa ku Molumbo, mapazi mpaka kuchita matuza. Panalibe anamuona.

Millie ndinadziwana naye ku msasa komweko. Anali mphunzitsi wa pa Chonde, pa holide ankabwera kudzathandiza azungu a bungwe lina kumasulira Chilomwe. Nditafuna kumukwatira, malume ake, a Wyson, anandikhazika pansi.

"Amwene, ife sitipereka mwana kwa munthu amene mkazi wake sali moyo komanso sanafe," anatero a Wyson. "Yambani mwalira maliro."

Tinachita monga mwa mwambo munthu akafa mtembo osaoneka. Tinadula mathunthu awiri a nthochi, lalikulu ndi laling'ono, tinawakulunga m'nsalu n'kukawaika m'manda a kwawo kwa Millie. Ndinalira tsiku limenelo mpaka mawu anatha. Amene anandigwira dzanja pochokera kumandako anali Millie yemweyo.

2

Mkazi wanga ndi wanzeru, chimenecho sindingamulande. Tili ndi ana awiri, Sharon ndi Sungani, iye anapita kukoleji ku Zomba. Ine ndinatsala ndikuchapa matewera, azimayi a pachitsime akundiseka. Atamaliza anamulemba ntchito ku unduna woona za maubale ndi mayiko akunja, ndipo mpata wa ku Maputo utapezeka ankafuna munthu wodziwa Chipwitikizi.

Mukuganiza kuti Chipwitikizi chimenecho anachitola kuti? Pakhonde panga pomwepa. Ine kusenda chinangwa, iye kubwereza mawu pambuyo panga ngati mwana wa sitandade wani, tikuseka mpaka misozi. Atamusankha anandikumbatira pamaso pa amayi ake, chinthu chimene sanachitepo.

"Ndikakhazikike kaye, bambo a Sharon," anatero. "Chaka chamawa tipitira limodzi. Mukaone dziko lanu lili pamtendere."

Ndinagula jekete pa Nkando, ya kaunjika koma yooneka. Ndinaipachika kukhoma n'kuyamba kudikira.

Kumeneko anamupatsa ntchito yofufuza mabanja amene nkhondo inawabalalitsa mbali ziwiri za malire. Ntchitoyo anaigwira ngati wobadwa nayo. Ankayenda midzi ya ku Zambezia pa galimoto, pa njinga, pena wapansi, kupeza mayi uku mwana uko n'kuwakumanitsa pa Muloza anthu akulira ndi chimwemwe. Koma atabwera pa holide yachiwiri, anali munthu wina. Chakudya ankangochitosatosa. Nditakumbutsa za ulendo uja, anayankha akuyang'ana kumbali.

"Mapepala anu ndi ovuta. Munalowa ngati wothawa nkhondo."

"Nanga si inu a boma? Akonzeni."

"Nanga amayi atsala ndi ndani? Ana sukulu?"

Chaka chotsatira chifukwa chinali china. Chinacho chinanso. Ana ankakwera ndege kukadya holide ku Maputo, kubwerako akundiuza za nyanja yamchere ya dziko langa lomwe, ine ndili pageti ngati mlonda. Anamukweza kukhala wachiwiri kwa kazembe. Kenako kazembe weniweni, galimoto ya mbendera. Anakalankhula ku misonkhano ya mayiko onse, azungu akuimirira kumuombera m'manja. Jekete ija njenjete zinadya.

3

Amuna a pabawo sanandisiye.

"A Vito, mwamuna wa kazembe amatchedwa chiyani? Kazembe wamkazi?"

"Musawavute, akulondera katundu wa boma."

Ndinkaseka nawo, koma kumtimaku kukuwira. Ndinaganiza zonse zimene mwamuna angaganize. Ndinati akuchita nane manyazi chifukwa sukulu ndinalekeza panjira. Ndinati ali ndi chibwenzi, wa mataye wina wonunkhira. Ndinafika pomufunsa dalaivala wake mozungulira, mkulu uja n'kundiyankha kuti, "Bwana, mayiwa akachoka ku ofesi amangokhala okha, ngakhale wailesi satsegula." Ndinapsa mtima kuposa kale. Chikhala chibwenzi bwenzi ndikudziwa mdani wanga.

Chondizunguza mutu n'chakuti ku Lilongwe ankanditenga. Ku madyerero a boma ankandiimika pambali pake n'kunena mosabisa kuti, "Awa ndi amuna anga." Koma ndikangotchula za kuwoloka malire, nkhope inkachita mdima. Tsiku lina ndinati ndipita ndekha pa njinga, ndikangoona pamene panali mudzi wathu. Analira ngati ndamumenya.

"Mukufuna mukadzutse chiyani kumeneko? Simukukhuta nafe?"

Ndinakadandaula kwa a Wyson. Anandimvetsera akutokosa m'mano.

"Amwene, mkamwini asamakule mwendo. Mukudya, mukugona pa malata. Chavuta n'chiyani?"

Ndiye chaka cha njala ija inabwera pambuyo pa madzi osefukira, Millie anatulukira mwadzidzidzi, popanda holide, atavala zakuda. Anabwera ndi amisiri ndi matumba a simenti.

"Ndikufuna timange chiliza pa manda a Rosaria," anatero.

"Lero? Patha zaka zonsezi?"

"Ndakhala ndikumulota."

Anamanga chiliza chokongola kuposa cha amayi ake omubala, maina awiri atalembedwa pamwala, Rosaria ndi Marcia. Anaitanitsa Misa. Pa Misapo analira kuposa ine, mpaka azimayi ankanong'onezana kuti mkazi wotere sanamuonepo, wolirira mkazi mnzake amene sanakumanepo naye. Ine ndinachita manyazi ndi maganizo anga onse aja. Ndinamupepesa.

4

Atamusankha kukhala nduna, anthu a pa Chonde anakonza mwambo womulandira pa bwalo la sukulu. M'mawa wa tsikulo pakhomo panali piringupiringu, azimayi akusenda anyezi, achinyamata akukoka mawaya a zokuzira mawu. Mwini wake anali asanafike kuchokera ku Lilongwe. Ine ndinathawira kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala, chifukwa aliyense ankandituma ngati si pakhomo panga.

"Lisensa!"

Odi wotero ndinali nditaiwala. Nditacheuka ndinaona mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, wamtali, atanyamula nkhuku ndi nsalu yatsopano. Chichewa chake chinali chopindika, chosakaniza ndi Chilomwe.

"Pepani papa, ndikufuna kwa madirinya anga, mayi Millie. Ndamva pa wailesi kuti akhala nduna, nde ndati ndikawayamikire ndekha."

Madirinya ndi mayi amene amakuimira pa ubatizo kapena pa ukwati. Ndinadabwa kuti mkazi wanga ali ndi mwana wotero ine osadziwa. Ndinamupatsa mpando.

"Mwachokera kutali?"

"Kwathu ndi ku Lugela, koma andisamutsira ku chipatala cha ku Milange chaka chino. Ndine namwino. Sukulu yonse anandiphunzitsa ndi iwowa. Koma kuno sanandiitanepo, amangoti tsiku lina, tsiku lina."

Ndinaseka. "Tsiku lina limenelo nanenso ndimalidziwa. Ine ndine amuna awo."

Anagwada n'kundipatsanso moni wachiwiri. Poseka anaphimba pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, ndipo china chake chinandilasa mumtima, koma sindinachilabadire. Anafotokoza kuti iye ndi amayi ake anatengedwa ndi anthu amfuti iye ali khanda. Pothawa kutchireko amayi akewo anaponda bomba, mwendo n'kuduka, ndipo anakhazikika kumene anthu achifundo anawatola. Kumeneko ndi kumene madirinya anawapeza pa ntchito yawo yofufuza mabanja.

"Amayi anawapempha kuti awafunire amuna awo ku Malawi kuno. Koma madirinya atangomva dzina anati amawadziwa, anamwalira ndi kolera ku msasa wa pa Muloza." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Nde chinanso ndabwerera chimenecho, papa. Mwina alipo wachikulire amene angandilozere pamene anawaika. Ndikangoponyapo duwa."

"Ku msasa umenewo ine ndinakhalako," ndinatero. "Amene anafa ndi kolera ambiri ndinawanyamula ndi manja angawa. Bambo ako anali ndani?"

"Vitorino Nihoma, wa ku Molumbo."

Kutsogolo kwa nyumba mnyamata wa zokuzira mawu ankayesa makina ake. Nkhuku ija inali kuphupha pansi. Ine ndinkamva zonsezo.

"Amayi ako," ndinatero potsiriza, "dzina lawo?"

"Rosaria."

"Ali kuti?"

"Anatisiya, papa. Chaka cha njala ija, madzi atasefukira. Madirinya anabwera pamaliro, ndiwo anagula bokosi."

5

Sindinamuuze pomwepo. Ndikanayamba ndi mawu ati? Ndinangoti, "Tiye, ndikakuonetse manda."

Tinadzera m'munda wa chinangwa, iye pambuyo panga. Kumanda sikulowedwa wamba popanda kupempha eni mudzi, koma tsiku limenelo ndikanakumana ndi wondiletsa sindikudziwa chimene ndikanamuchita. Ndinaima pa chiliza chija n'kuloza.

Anawerenga dzina loyamba. Anawerenga lachiwiri. Anabwerera m'mbuyo ngati waponda njoka.

"Ili ndi dzina langa. Papa, ndani anandiika m'manda ine?"

"Ndine," ndinatero. "Pansi apa pali nthochi ziwiri. Yaing'onoyo ndiwe. Unabadwa mvula ikugwa, kumbuyo kwa khutu lako lamanzere kuli kachipsera ka nkhuni yamoto imene inathetheka amayi ako akukuyamwitsa. Vitorino Nihoma ndine."

Dzanja lake linapita lokha kukhutu. Kenako anakhala pansi, pa dothi lomwelo, n'kuyamba kulira kwa kwathu, kotchula maina. Sanandikumbatire. Ankangoti, "Mama, mama, anali moyo, anali pompano." Ine ndinaima ngati chitsa, ndikuwerengera mumtima zaka zimene Rosaria anakhala ndi moyo Millie atamupeza kale. Zinali zoposa khumi. Zaka zimenezo ine ndinkapalira nthochi, mkazi wanga ali tsidya linalo, ulendo wa tsiku limodzi pa galimoto.

"Sanakwatiwenso," anatero Marcia atatonthola. "Amuna ankabwera ndithu, ngakhale anali wa mwendo umodzi. Ankawaonetsa mphete."

Kumsewu kunamveka malipenga a galimoto ndi nthungululu. A Nduna anali atafika.

6

Analowa m'nyumba akuseka, atavala chilundu cha golide, apolisi atatsala pakhonde. Atationa tili pampando umodzi, ine ndi Marcia, kuseka kuja kunazima. Anatseka chitseko yekha.

"Madirinya," anatero Marcia. Mawu amodzi okhawo.

Mayi amene analankhulapo pamaso pa atsogoleri a mayiko anakhala pa mkono wa mpando n'kuvula nsapato, ngati kuti nsapatozo ndi zimene zinkamupweteka.

"Mayi a Sharon," ndinatero, "mapepala anga aja akonzeka?"

"Bambo a Sharon, ndimvereni."

"Ndakhala ndikukumverani moyo wanga wonse. Nenani."

"Sindinapite kumeneko ndi bodza," anatero. "Mulungu ndi mboni. Nditamva dzina lanu pakamwa pake, ndinati ndimuuze. Ndinatsegula pakamwa. Koma iye anakweza dzanja n'kundionetsa mphete, akuti, ine ndine mkazi wake wa pa guwa, ndikumudikira. Pamenepo ndinadzifunsa kuti nanga ine ndine ndani? Ukwati wanga ukanatha tsiku lomwelo. Ana anga akanatchedwa chiyani? Inu ndimakudziwani, mukanapita. Mukanamuona ndi mwendo umodzi uja, simukanabwerera. Pakamwa panangonena pokha kuti anamwalira."

"Pakamwa pananena tsiku limodzi. Nanga masiku enawo?"

"Ndinawasamala! Funsani mwanayu. Nyumba ndinawamangira, sukulu, mankhwala, palibe chimene anasowa."

"Munawasamala monga wakuba asamalira mbuzi yakuba," ndinatero. "Kuidyetsa bwino kuti isalire."

Marcia anaimirira. Sanakweze mawu. "Amayi ankakupemphererani masiku onse, madirinya. Pomwalira anati ndizikumverani ngati iwo. Munawagwira dzanja pa bedi paja. Ngakhale pamenepo simukanawanong'oneza?"

Millie anaphimba nkhope. Chitseko chinagogodwa.

"Olemekezeka, anthu akudikira. Mafumu akhala kale."

Anadzuka, anapukuta m'maso mosamala kuti zodzola zisafufutike, anavala nsapato. Ndinaona ndi maso anga mkazi wanga akusanduka nduna. Ali pachitseko anatembenuka.

"Ndikupempha chimodzi. Lero lokha. Pali atolankhani panjapo. Tikambirana madzulo."

"Tsiku lina," ndinatero.

Ndikanatha kutuluka n'kukalanda chokuzira mawu chija. Ndinaganizapo, ndipo manja ankandiyabwa. Koma kutsogolo kwa khamulo kunakhala Sharon ndi Sungani, atavala bwino, akunyadira mayi wawo. Ndinatenga chipewa changa basi. Tinatulukira khomo la kuseri, ine ndi mwana wanga, ndipo tikukwera minibasi ya ku Muloza mawu a Millie ankamveka mudzi wonse, akuti dziko lolimba limayambira pa banja.

Pachipata cha m'malire sanandivute n'komwe. Anayang'ana chitupa changa, anandipatsa kapepala kowolokera, ndinadutsa. Mapepala ovuta aja anali amenewo.

7

Ku Lugela tinafika tsiku lotsatira, fumbi lili thupi lonse. Marcia ananditengera kuseri kwa katchalitchi ka njerwa zosawotcha. Manda a Rosaria anali osamalika, a simenti, ndipo sindinafunse amene anagula simentiyo. Ndinagwada. Mawu onse amene ndinakonza m'njira anathawa, ndinangoti, "Ndabwera, Rosaria. Ndachedwa."

Podzuka ndinaona kamtumbira kena pambali pake, kakale, kotitimira, kali ndi mtanda wachitsulo wa dzimbiri. Ndinawerama kuti ndiwerenge. Panalembedwa dzina langa.

"Madirinya atanena zija, amayi anadula nthochi," anatero Marcia. "Ankabwera ndi ndodo zawo kudzapalira okha, ine akundikaniza. Ndipo anapempha kuti akadzafa adzawaike pompa, pambali pa amuna awo."

Akuluakulu a mudziwo atamva kuti mwini manda wabwera ndi miyendo yake, anasonkhana. Anati mwambo ndi woti thunthulo lifukulidwe, malowo asalazidwe, chifukwa munthu wamoyo sakhala ndi manda. Anabweretsa makasu. Ine ndinawapempha khasu limodzi, ena aja ndinati abweze.

Inu owerenga, makamaka inu amene mumati bodza lina ndi lachikondi, ndimvereni. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti mkazi wanga sindingamutche mfiti. Mabanja amene anawalumikiza alipodi, ndi ambiri, ena amandiimitsa pa Nkando kuti ndikamuthokozere. Ntchito yake akuigwirabe, ndipo amaitha. Amandiimbira foni, ine ndimangoiyang'ana ikulira. Ana akuti ndikhululuke, a Wyson akuti ndisaononge dzina la mbumba. Mwina anandikondadi. Koma anandikonda ngati katundu wake, wotsekera m'nyumba. Akanandiuza, mwina ndikanapita, mwinanso ndikanabwerera. Sindidzadziwa, chifukwa anasankha yekha m'malo mwa anthu atatu. Ngati muli ndi mawu amene mukusungira mnzanu kuti mudzamuuze tsiku lina, dziwani kuti anthu amafa akudikira.

Dzina la Marcia pa chiliza cha ku Chonde ndinakalifufuta ndi tchizulo. Koma manda anga a ku Lugela ndinakana kuti afukule. Ndinawapalira bwinobwino, ndinawongola mtanda uja, ndipo akuluakulu aja atandifunsa chifukwa, ndinawauza zoona.

"Musiyeni agone. Ameneyu ndiye mwamuna amene anakhala naye Rosaria. Ine kunalibe."